Ufa woyera wochotsa utoto m'madzi ndi dzuwa, ndauyesa miyezi itatu kuno ku Kasungu

Amayi anzanga a tayi ndi dayi, ndinalonjeza kuti ndidzakuuzani mmene wandiyendera ufa uja wa titanium dioxide wochotsa utoto m'madzi otsukuluzira nsalu, nde ndi izi. Umagwira ntchito, zimenezo sindikana, koma osati mmene anandiuzira bambo amene anandigulitsa aja.

Ine nsalu ndimanyikira kuseli kwa nyumba, ndipo madzi otsukuluzira ndinkangokhuthulira mu ngalande basi, lero ngalande yabuluu mawa yofiira, kudutsa pakhomo pa aneba mpaka kukafika kudambo komwe anthu ali ndi madimba a tomato ndi mpiru. Tsiku lina bakha wa aneba anabwerera kwawo ali wabuluu kumimba, ine ndinaseka koma eni ake sanaseke, moni anayamba kuvuta. Nde mwana wa achimwene anga amene akuphunzira kemisitili ku yunivesite atabwera ku holide anati, azakhali, pali ufa wina wake umatchedwa titanium dioxide, mukauthira m'madzi a utoto nkuika padzuwa utoto umaphwanyika. Ndinati iwe usandinamize, dzuwa lomweli loumitsa fodya?

Ufawo ndi woyera mbee, wosalala kuposa ufa woyera wosefa kawiri. Akuti ndi womwewo umayeretsa penti komanso umapezeka mu mankhwala ena otsukira mano ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Koma apa tcheru, musakagule wa penti, wa penti nthawi zambiri ndi mtundu wa rutile ndipo amaukuta dala kuti usamadye penti ikakhala padzuwa, wofunika pa ntchito yathuyi ndi wa anatase, muziwerenga pa botolo. Rutile ameneyu ndi yemwe uja timamumva pa wailesi kuti wapezeka wambiri ku Kasiya ku Lilongwe, eti tili naye pansi pa minda yathu koma botolo langa linachokera kunja, mtengo wake nkuluma.

Mmene umagwirira mwanayu anandifotokozera kangapo ndisanamve. Mu kuwala kwa dzuwa muli kagawo kena kosaoneka ndi maso kotchedwa UV, kakamenya ufawo tizinthu ting'onoting'ono ta mu ufamo totchedwa ma elekitironi timadzuka pamalo pake, nde pamenepo ufa uja pamodzi ndi madzi ndi okosijeni wa mumpweya amapanga tizinthu tolusa kwambiri totchedwa ma hydroxyl radical, timene timaduladula utoto mpaka pamapeto pake patsale carbon dioxide, madzi ndi timchere. Ufawo sutha, uli ngati ankhoswe, amamangitsa ukwati koma madzulo amabwerera kwawo ali chimodzimodzi. Amene anatchukitsa zimenezi ndi a ku Japan awiri, Akira Fujishima ndi Kenichi Honda, mu 1972, iwo ankagawa madzi pogwiritsa ntchito kuwala, za kuyeretsa madzi oipa zinabwera pambuyo. Vuto lake UV ameneyu ndi pafupifupi 5 peresenti yokha ya kuwala kwa dzuwa, nde dzuwa lonse lotiwotchali ufa umangodyako kachidutswa, nchifukwa chake zimachedwa.

Ndinaugula pa shopu ina ku Lilongwe yogulitsa zinthu za mu labu. Bambo a pa shopu anandilandira bwino, koma pakamwa pawo eee, akuti mayi supuni imodzi mu dilamu, ola limodzi, madzi mpaka kumwa. Ndinachitadi zomwezo tsiku loyamba, dilamu ya malita 200 yodzaza madzi onyikira akuda bii, kuthira ufa, kuika padzuwa tsiku lonse, mawa lakenso, palibe chinasintha kupatula kuti ufa unakhala pansi utasanduka wabuluu. Ndinakwiya, ndinaimbira mwana uja kuti ndalama zanga zapita m'madzi, iye nkumaseka, akuti azakhali kuwala kukalowa bwanji mu dilamu yakuda choncho, kukuthera pamwamba pomwepo.

Nde tinasintha. Mabeseni otambalala, madzi osapitirira chikhatho kuya kwake, ndipo osati onyikira oyamba aja koma otsukuluzira achiwiri ndi achitatu, oti ukaviika dzanja ukuliona. Kusefa kaye ndi kansalu kuti ulusi ndi matope zichoke chifukwa madzi akakhala a matope kuwala sikudutsa. Ndinaika mabeseni awiri, lina la ufa lina lopanda, kuti ndione ngati si dzuwa lokha likuchita, paja nsalu zathu zimasuluka zokha pa chingwe. Kuyambira cha m'ma 9 mmawa mpaka cha m'ma 3, ndikuvundula ndi mthiko wakale pafupipafupi kuti ufa usakhale pansi komanso mpweya uzilowa. Apa nde ndinagoma, lopanda ufa linangosuluka pang'ono koma la ufa buluu yense anachoka, kutsala madzi ooneka ngati mkaka wothira madzi. Ofiira amachedwako kwa ine, ena mpaka masiku awiri, ndipo madzi amene ndathiramo mchere wambiri ponyika amavutanso.

Kuvundulako ndi ntchito anzanga, musanamizidwe. Uli ndi ma oda a yunifomu ya kwaya, mwana akulira, nsima ili pamoto, nkumathamangiranso ku beseni dzuwa la Okutobala la kuno likuswa mtengo. Ndipo chimene chimandinyansa kwambiri ndi kuubweza ufawo, ndi wosalala moti sufuna kudikha, umafunika usiye usiku wonse nkutsanula madzi apamwamba pang'onopang'ono mmawa, ukangogwedeza beseni wayambiranso, ndipo ulendo uliwonse wina umapita ndi madzi. Zoti ankhoswe satha nzoona koma amasowa pang'onopang'ono kkkk. Mwana uja akuti kumene amachita kafukufuku wamkulu wa zimenezi, monga ku Almería ku Spain, madzi amayenda m'mapaipi agalasi oyang'ana dzuwa ndi pampu, ndipo ena amamata ufawo pa chinthu kuti usamayandame, ife tikadali pa beseni ndi mthiko. Ufawo ukada, ndimautsuka ndi madzi oyera nkuusiya padzuwa, umayeranso.

Tsopano ichi nde mumvetsetse chifukwa bambo a pa shopu aja anatsala pang'ono kundipweteketsa. Utoto kuchoka sikuti madzi ayera ayi. Choyamba kuduka ndi kagawo kamene kamapatsa mtundu, zidutswa zinazo zimatsala mmenemo osaoneka ndipo zina zitha kukhala zoipabe, nchifukwa chake ine mtundu ukachoka ndimasiyabe padzuwa maola ena. Komanso ufawu suphwanya mchere, soda amene timathira ponyika sumuchotsa, ndipo utoto wina umakhala ndi zitsulo monga kopa kapena chromium zomwe dzuwa silingaziphwanye. Nde kumwa ayi, nkhuku ayi, pa bedi la ndiwo zamasamba ayi. Ine ndimachapira nsalu zatsopano ndisanazinyike, otsala kuwaza pabwalo kuti fumbi ligone, bilu ya madzi yapepukako ndithu. Potunga ufa wouma muzivala masiki, fumbi lake si labwino kupuma, ndipo musunge kutali ndi kukhitchini poti umafanana ndi ufa, ku Ulaya analetsa kuuthira mu zakudya mu 2022.

Ngati mumanyika nsalu zochepa ngati ine ndipo muli ndi bwalo lopanda mthunzi, gulani botolo laling'ono muyese, otsukuluzira okha. Ngati mumanyika madilamu ambiri pa sabata musavutike, mabeseni adzadza mpaka pa msewu. Madzi onyikira akuda aja ine ndimawasiya mu dilamu yakeyake aziuma ndi dzuwa, mu ngalande sapitanso, ndipo aneba ayambanso kuyankha moni, dzana anabwera kudzaoda chitenje cha ku chinkhoswe. Ndinayamba mu Ogasiti, dzuwa lakhala likundikomera, koma masiku awiri a mitambo sabata yathayi beseni limodzi linatenga nthawi yowirikiza, ndipo ku phiri la Kasungu kwayamba kale kuda madzulo aliwonse.