Situdiyo ya black and white ku Kabwata, ndaionera ndekha

Amene mukufuna chithunzi cha amayi kapena agogo choti mupachike pabalaza, ku Kabwata mu Lusaka kuli mnyamata wina amajambula black and white yokhayokha, ntchito yake njabwino maningi ngakhale mtengo ukuluma pang'ono poyerekeza ndi masitudiyo a m'tauni aja ojambula za pasipoti.

Iye amanena yekha kuti sitayilo anatengera kwa Seydou Keïta, mkulu uja wa ku Bamako ku Mali amene anatsegula situdiyo mu 1948. Keïta kambiri ankajambulira pabwalo la nyumba ndi kuwala kwa dzuwa, kumbuyo apachika nsalu yamaluwamaluwa, wojambulidwayo nayenso wavala yamaluwa, ndiye poti mitundu palibe zimangotsala mizere ndi madontho koma nkhope imatulukabe bwinobwino. Makasitomala ankawabwereka wailesi, wotchi, mpaka njinga yamoto ya Vespa kuti aoneke a m'tauni, ndipo kambiri ankajambula kamodzi basi, filimu sinali yoseweretsa. Anamwalira mu 2001 zithunzi zake zitafika kale ku Paris ndi ku New York.

Chimene mnyamatayu wachigwira kwenikweni si zitenje ayi, ndi kukhazika munthu. Amayi anga nditapita nawo anawatembenuza phewa pang'ono, akuti "amayi kwezani chibwano, manja muike pa ndolo apa", duku anaikonza yekha mwaulemu, kenako anangoima kudikira kamtambo kaphimbe dzuwa. Amayi anayamba kudandaula kuti msana wawawa koma chithunzi chitatuluka makwinya a m'manja ndi mphete yaukwati zonse zikuoneka, sanawasalaze nkhope pakompyuta ngati mmene achitira ena mpaka munthu osamuzindikira.

Zosandisangalatsa zilipo. Mnyamatayu ali ndi kawailesi kakale kamene amafuna kupatsa aliyense, nthawi ya Keïta wailesi inali chinthu chonyadira, manje mwana wa 2005 atanyamula wailesi akungooneka wa mu sewero. Komanso kupulinta kumachedwa, malaiti akapita mudikira ndithu, ndipo felemu mugula panokha.

Mukamapita pitani m'mawa dzuwa lisanakwere, muvale chitenje cha maluwa akuluakulu, chakuda ndi choyera chosiyana bwino. Chofiira ndi chobiriwira osadalira, pa black and white zimatha kutuluka zotuwa zofanana, mlongo wanga anavala chotero diresi yonse inangoti mbuu.