Loji yomwe tinagona ku Mangochi pokathamanga hafu marathoni: nyenyezi zitatu, yachinayi ndi ya kukhitchini

Dzina la lojiyi sinditchula chifukwa pali zina ndidandaule ndipo eni ake ndi anthu aulemu, koma ndi kaloji kakang'ono ka m'mbali mwa nyanja, mukadutsa pa boma n'kulowera msewu wa ku Monkey Bay.

Ulendowu unali wanga ine, hafu marathoni yanga yoyamba, makilomita 21 ndi kachidutswa pamwamba, koma kunyumba atangomva zoti kunyanja aliyense anasanduka wothamanga. Bambo a ana pa chiwongolero, ana awiri kumbuyo, ndi apongozi anga omwe anati sangatsale ati chambo chomwe timagula ku Limbe chimafika chitatopa kale. Tinanyamuka Lachisanu m'mawa, msewu wa M3, Zomba, Liwonde, Ulongwe, makilomita ngati 190 basi koma tinafika dzuwa litapendeka poti pa Liwonde ana anakakamira kuona madzi pa baraji, apongozi nawo kutsika paliponse pamene aona tomato.

Malowo ndi okongola, bodza ayi. Mchenga amasesa m'mawa uliwonse, madzi ali pakhomo penipeni, chipinda cha banja chachikulu bwino, mabedi atatu, bafa loyera ndipo madzi amatuluka ndi mphamvu. Tinalipira pa Airtel Money popanda vuto, mtengo ndi wokwererapo ndithu koma kunyanja ndi choncho.

Vuto linayamba cha m'ma 8 usiku. Pobuka ndinanena momveka kuti ndikubwera kudzathamanga, ndiyenera kugona msanga, anandiyankha kuti musadandaule mayi kuno ndi kwa zii. Eee, kufika usiku kuli phwando la bathidee pa bala, masipika kuloza kuzipinda, kenako magetsi anazima ine n'kuti Mulungu wamva, osadziwa kuti jenereta yawo imayatsa bala ndi furiji basi, nyimbo zinabwerera koma fani ya m'chipinda ayi. Amene mumadziwa kutentha kwa Mangochi mukumvetsa, thukuta mpaka pilo kunyowa, kutsegula windo ndiye udzudzu, neti ya bedi langa inalinso ndi chibowo cholowa chibakera, ndinachimanga ndi labala ya tsitsi ya mwana. Bambo a ana anapita kawiri kukapempha, akatsitsa pang'ono kenako akwezanso. Ndinagona mwina maola atatu. Apongozi? Mkonono kupikisana ndi sipika.

Chomwe chinandibweza mtima ndi bambo wa kukhitchini. Chakudya cha m'mawa amayamba 7 koloko, ife timayenera kukhala poyambira isanakwane 6. Madzulo ndinangowauza mongodutsa, sindinayembekezere kanthu. Cha m'ma 4 ndinamva kugogoda pang'onopang'ono, "Odi mayi, phala lapsa, bwerani mudye lisanazizire." Ndinawapeza ndi tochi ya foni pakamwa akupemerera mbaula, phala la mgaiwa lothira nsinjiro pang'ono, nthochi ziwiri, tiyi wopanda mkaka, ati mkaka umavutitsa m'mimba mukamathamanga. Anandithiriranso madzi m'botolo ndi kamchere ndi shuga. Ndikudya apo kumzikiti kunayamba kuitana, nyanja ili bata, asodzi akubwera ndi nyali zawo. Ndinawafunsa kuti achimwene mwagona nthawi yanji, anangoseka. Pa bilu phalalo silinalembedwe.

Kuthamanga kwenikweniko ndisanene zambiri. Msewu ndi wosalala, zitunda palibe, koma dzuwa la kumeneko silichedwa, pofika kilomita 15 miyendo inali ya munthu wina, ndikuyang'ana milambe ndi migwalangwa kufuna kamthunzi koma wonse uli kutali ndi msewu. Anyamata a kabaza kumandikuwa "mayi kwerani tikusiyeni, palibe akuona!" Ndinamaliza pa maola awiri ndi theka, apongozi akululutira ngati ndawina galimoto.

Masana ake lojiyo inaonetsa mbali yake yabwino. Chambo chootcha chathunthu ndi nsima, ana tchipisi, apongozi anafunsa usipa wothira tomato ndipo anawaphikira ngakhale sunali pa menyu. Tinadikira ola lathunthu, odani msanga musanamve njala. Ine miyendo m'madzi mpaka dzuwa kulowa, mtsikana wolandira alendo anabwera kudzapepesa za usiku uja ndipo Loweruka kunalidi phee, fani ikuzungulira.

Lamulungu pobwerera tinaima pa boma pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ana anajambulitsa pa nsanja ya wotchi ya Queen Victoria ndi pa mfuti yaikulu ija ya sitima ya Gwendolen yomwe inawombera sitima ya Ajeremani panyanja pomwepa mu 1914, wamng'onoyo mpaka lero akuuza anzake kusukulu kuti anagwira mzinga.

Tidzapitanso? Ndi ana, eya. Koma ngati mukukathamanga funsani kawiri ngati kuli phwando usiku umenewo, pemphani chipinda chakumapeto kutali ndi bala, ndipo neti tengani yanu. Bambo a phala aja tinawasiyira kangachepe, ndi tisheti ya mpikisano yomwe inandikulira.