Mabuku a za India pa benchi la madala aja pafupi ndi depoti ya Kasungu

Mphwanga wapeza malo a sukulu ku India, akunyamuka mwezi wamawa, ndiye mayi kunyumba akungondipanikiza ndi mafunso, ati kumeneko amadya chani, amapemphera bwanji, nanga zoti ng'ombe zimangoyendayenda mumsewu palibe ozipha n'zoona? Ine ndimvekere dikirani ndifufuze, koma kunena zoona zomwe ndinkadziwa za India zinali samusa, Zee World ndi masitolo a amwenye a ku Lilongwe basi.

Ndiye Loweruka ndinatsikira pa boma kwa madala ena ogulitsa mabuku a kaunjika chapafupi ndi depoti. Si sitolo ayi, ndi benchi ndi makatoni atatu ndi lona. Pamwamba amaika zomwe zimayenda malonda, mabuku a MSCE, ma novel achikondi ndi mabuku a mapemphero, ndiye ukangoyang'ana pamwambapo ungadutse. Nditawafunsa za India anandiyang'ana kaye kenako amvekere "aphunzitsi khalani pansi", n'kukoka katoni ya pansi penipeni yodzaza fumbi. Munatuluka mabuku anayi. Onse ndi a Chingerezi, ndinenetu msanga.

Loyamba ndi la Gandhi lofotokoza moyo wake, The Story of My Experiments with Truth. Ndinkaganiza kuti likhala lotopetsa ngati ulaliki wa pa maliro koma ayi ndithu, mkuluyu akudziulula yekha. Anakwatira Kasturba ali ndi zaka 13, anaba kagolide pa chibangili cha mkulu wake kenako n'kulembera bambo ake kalata yopepesa, ndipo pena akusimba momwe anadyera nyama ya mbuzi mobisa kwawo kuli koletsa, usiku wonse n'kumalota mbuzi ikulira m'mimba mwake. Ndinaseka ndekha ngati wamisala, poti ife kuno kanyenya wa mbuzi ndiye timachita kumulimbirana. Muli nkhani ija ya 1893 yomwe anamutsitsa m'sitima pa Pietermaritzburg ku South Africa ali ndi tikiti ya kalasi yoyamba. Vuto lake bukuli likuthera cha mu 1921, ndiye ulendo wake wa 1930 wotsutsa msonkho wa Angerezi pa mchere ndi kuphedwa kwake mu 1948 musazifunemo.

Koma apa ndi pomwe madalawa anandisangalatsa. Nditati ndingotenga la Gandhi lokha anakana, ati "aphunzitsi mlandu sagamula atamva mbali imodzi", n'kundipatsa kabuku kopyapyala kachikuto chong'ambika, Annihilation of Caste ka B. R. Ambedkar. Dzinali ndinali ndisanalimvepo, manyazi bwanji, chonsecho ndi amene anatsogolera komiti yolemba malamulo oyendetsera dziko la India. Kabukuka kanali mawu oti akayankhule pa msonkhano ku Lahore mu 1936, okonza msonkhano atawerenga anachita mantha n'kumuuza kuti achotsemo zina, iye anakana, msonkhano unalephereka ndipo anangosindikiza yekha. Nkhani yake ndi ya caste, magulu omwe munthu amabadwiramo ndipo satulukamo mpaka imfa: a Brahmin pamwamba, kenako a Kshatriya, a Vaishya, a Shudra, ndiye kunja kwa onsewa kuli a Dalit omwe ankatengedwa ngati odetsedwa osayenera kuwakhudza. Ambedkar mwini wake anali Dalit, ali mwana kusukulu sankaloledwa kugwira mtsuko wa madzi, ankachita kumuthirira kuchokera m'mwamba kuti amwe. Tangoganizani pa mjigo pathu wina akuuzeni kuti usagwire chogwiriracho uipitsa madzi. Mu 1927 anatsogolera anthu ake kukamwa madzi pa dziwe la ku Mahad, mu 1932 anakangana kwambiri ndi Gandhi pa nkhani yoti a Dalit azisankha okha owaimira, mpaka Gandhi anasala kudya ali kundende, ndipo mu 1956 Ambedkar anasiya Chihindu n'kulowa Chibuda pamodzi ndi chinamtindi cha anthu ku Nagpur. Chingerezi chake n'cholimbirapo, cha munthu wa zamalamulo, ndinkawerenga ndi dikishonale ya pa foni pambali, koma pa mabuku onsewa ndi lomwe linandisowetsa tulo. Mukukumbuka mu 2018 achinyamata aja atakatenga chiletso kukhoti kuti chiboliboli cha Gandhi chisaimikidwe ku Blantyre, pa zomwe analemba zonyoza anthu akuda ali ku South Africa? Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndi ife tokha tili naye chifukwa, pomwe ngakhale kwawo komweko alipo omwe samupembedza.

Pa zachipembedzo munali Bhagavad Gita, buku lopatulika la Chihindu, kakang'ono kolowa m'thumba la shati. Ndi gawo la ndakatulo yaitali yakale ya Mahabharata, mitu 18, mavesi 700, wankhondo Arjuna waima pa bwalo la nkhondo la Kurukshetra waona kuti mbali inayo kuli abale ake, agogo ake ndi aphunzitsi ake omwe, ndiye wataya uta akuti sindimenya, mulungu Krishna n'kuyamba kumulangiza za udindo ndi mzimu wosafa. Gulani lomwe lili ndi mawu ofotokozera m'munsi, langali lilibe ndipo pofika mutu wachitatu ndinali nditasokonekera kale.

Lachinayi ndiye pali dandaulo langa. The Discovery of India la Nehru, amene anadzakhala nduna yaikulu yoyamba ya India, lomwe analemba ali m'ndende ya Ahmednagar n'kutuluka mu 1946, buku lonenepa loyambira ku mzinda wakalekale wa Mohenjo-daro kudutsa kwa mafumu Ashoka ndi Akbar mpaka nthawi ya Angerezi. Ndafika kunyumba ndikupeza kuti chiswe chinadya kumapeto konse ndipo pakati masamba ngati makumi awiri kulibe, Ashoka akungolowa Chibuda kenako tsamba lotsatira tili kwina. Madala sanandiuze. Nditabwerera anapepesa koma ndalama sabweza, anangondipatsa magazini yakale ya basela. Ndiye mukapita tsegulani buku tsamba ndi tsamba musanalipire, musachite manyazi.

Mitengo ilibe polembedwa, amayang'ana nsapato zako kaye. Anayamba ndi K22,000 onse anayi, titanenerera tinagwirizana K15,000, ndipo amalandira Airtel Money ndi Mpamba koma uwonjezere yochotsera. Mabuku amakhala padzuwa tsiku lonse moti zikuto zinayerayera, mvula ikayamba sindikudziwa kuti lona lija lidzathandiza chani.

Chomwe simungagule kwina ndi macheza awo. Anandisimbira kuti ali mnyamata pa Kasungu pompano panali masitolo a amwenye, anachoka m'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu litawalamula kuti malonda azikachitira m'mizinda ngati Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Anandikumbutsanso kuti amwenye ambiri a kuno makolo awo anachokera ku Gujarat, kwawo kwa Gandhi, ndipo ambiri ndi Asilamu, ndiye Gita ija musathamange nayo kwa abwana anu a ku sitolo poganiza kuti ndi buku lawo.

Za India wa pambuyo polandira ufulu mu 1947 analibe chilichonse. Ndawatuma India After Gandhi la Ramachandra Guha, ati akayang'ana ku Lilongwe akapita kukaoda sabata ya mawa ndipo ndasiya K3,000 ya chikole. La Gandhi ndi la Ambedkar ndawalongedza kale m'chikwama cha mphwanga, pakati pa ufa ndi usipa womwe mayi akukakamira kuti atenge.