TV ya OLED ya mainchesi 55 patatha chaka ku Kasungu

Chithunzi chikadali chakuthwa, ndipo pakuda pamada bii monga tsiku loyamba, popeza pa OLED kadontho kalikonse kamadziwalitsa kokha, kumbuyo kulibe nyale ngati pa LCD. Chasintha ndi pakona ya m'mwamba kumanzere, pomwe pamakhala zigoli ndi wotchi mpira ukamaonetsedwa. Mukadzaza sikirini yonse ndi mtundu wotuwa, pamenepo pamaoneka kamthunzi ka burn-in, chipsera chotsalira pomwe chinthu chimodzi chakhala chikuonetsedwa nthawi yaitali. Mufilimu sikadziwika.

Timadontho timeneti timatha mphamvu malinga ndi magetsi amene tadya, choncho toyaka kwambiri pamalo amodzi tsiku ndi tsiku timakalamba msanga kuposa tinzake. Buluu ndiye wofooka: wofiira ndi wobiriwira amapangidwa ndi zinthu za phosphorescent zomwe zingasandutse pafupifupi mphamvu yonse kukhala kuwala, pomwe buluu wa fluorescent salumpha 25 peresenti kwenikweni, ndiye amafunika kukankhidwa kwambiri. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi.

Koma vuto lalikulu kwathu kuno ndi kazimitsidwe. TV ikayaka maola okwana 4, imadikira kuti muizimitse ndi rimoti, kenako kwa mphindi zingapo imayeza timadontho n'kutilinganiza. Ambiri amazula pulagi nthawi yomweyo poopa mphenzi kapena posunga mayunitsi, magetsi nawonso amathima mosachenjeza, ntchitoyi n'kulephereka. Zimitsani ndi rimoti, dikirani mphindi 10, kenako zulani. Amene ali ndi sola aidutsitse pa inveta kapena UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi akathima. Palinso Pixel Refresher, ntchito yonga yomweyi koma yotenga nthawi yaitali, yomwe imadziyendera yokha TV ikayaka maola ochuluka, pa ma TV ena pafupifupi 2000. Osamaiyatsa sabata iliyonse, nayonso imatopetsa sikirini.

Mu Okutobala ndi Novembala, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, kumbuyo kwa TV kumatentha zedi. Siyani masentimita 10 pakati pa iyo ndi khoma, ndipo nsalu yoluka ija musafundike pamabowo a mpweya. Pa makonzedwe a chithunzi chotsani Vivid, yomwe imawalitsa kwambiri, tsitsani kuwala kufika 50 kapena 60, yatsani Screen Shift, yomwe imasuntha chithunzi pang'onopang'ono, ndi chochepetsa kuwala kwa logo. Popukuta, nsalu youma yofewa basi: chinyezi chikalowa m'mphepete chimabala timadontho takuda tosachotseka.

Pakhomo poonera mafilimu madzulo, ndalama yake siinapite pachabe. A vidiyo sho ndi a mabala pa Chinkhoma kapena pa Santhe, oonetsa mpira kuyambira masana mpaka usiku, agule LCD.