Makina a mphepo a mawati 400 pambali pa sola ya pakhomo

Makina amene ndikunena pano ndi aja ang'onoang'ono a mapiko atatu, opangidwa ku China, amene amapezeka m'masitolo ena a zipangizo za sola, ndipo pa katoni pake pamalembedwa kuti amatulutsa mawati 400. Tinawawonjezera pa sola ya pakhomo pathu, kufupi ndi nyanja m'boma la Nkhotakota, kumene tinali kale ndi mapanelo ndi mabatire a mavoti 24, chifukwa mabatirewo ankatha mphamvu usiku furiji ikadali kugwira ntchito.

Munthu asanatulutse ndalama ayenera kumvetsa nambala ya 400 ija. Makina a mtundu umenewu amafika pa mawati amenewo pokhapokha mphepo ikamathamanga pafupifupi mamita 12 pa sekondi, imene ndi mphepo yoti asodzi sangalowe nayo pa nyanja. Mphamvu ya mphepo simatsika mofanana ndi liwiro lake ayi: liwiro likachepa ndi theka, mphamvu imachepa kasanu ndi katatu. Ndiye kuti pa mamita 6 pa sekondi, mphepo imene anthu ambiri angaitchule kuti ndi yamphamvu ndithu, mukhoza kuyembekezera mawati a m'ma 50 basi. Mphepo ikakhala pansi pa mamita 3 pa sekondi, mapiko amazungulira bwinobwino, ana n'kumasangalala nawo, koma ku batire sikupita kanthu. Wogulitsa sananene zimenezi, ndipo ndikuona kuti ambiri amene amakhumudwa ndi makinawa amakhumudwira pamenepa.

Ubwino wake tinauona m'nyengo ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Ogasiti, pamene mphepo yochokera kumwera chakum'mawa imawomba mosalekeza pa nyanja, nthawi zina usiku wonse. Pa masiku otere kunja kumacha mabatire ali ndi mphamvu yokwanira, ndipo kalayiti kofiira ka pa inveta (chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba), kamene kale kankayaka invetayo ikulira n'kutidzutsa mbandakucha, kamakhala kozima. Apa m'pamene makinawa amachita chimene panelo sangachite. Koma m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene mitambo imaphimba dzuwa ndipo thandizo limafunika kwambiri, mphepo imabwera ya mkuntho kwa kanthawi kochepa mvula isanagwe, kenako n'kuti zii, kotero kuti zimene makinawa amawonjezera n'zochepa kwambiri.

Kulumikiza kwake n'kosiyana ndi kwa sola, ndipo apa mpofunika mmisiri wodziwa. Makinawa amatulutsa magetsi a AC (osinthasintha mbali yoyendera) pa mawaya atatu, choncho amafuna kontirola yakeyake yosandutsa magetsiwo kukhala a DC (oyendera mbali imodzi) asanalowe m'batire. Kontirola ya sola singagwire ntchitoyi, chifukwa batire ikadzaza iyo imangodula magetsi a panelo, pamene makina a mphepo akadulidwa chotero amatsala opanda chokoka magetsi ake chimene chimawachepetsa liwiro, amazungulira mopitirira muyeso mpaka kuwonongeka. Pamafunika chipangizo chotaya mphamvu yotsalayo ngati kutentha, kapena buleki yogwira mapiko. Kontirola imene inabwera m'katoni ili ndi buleki yotero, koma ndi yopepuka, imatentha msanga mwera ukakula, ndipo sisonyeza kuchuluka kwa magetsi amene akulowa. Tinachita kugula mita yapadera kuti tidziwe choona.

Chimene chinatidyera ndalama zambiri ndi mlongoti woimikapo makinawa. M'katoni mulibe mlongoti, ndipo kukhoma makinawa pa denga, monga ena amachitira, n'kutaya ndalama, popeza mphepo ya pafupi ndi nyumba ndi mitengo imakhala yosokonezeka, komanso kunjenjemera kwake kumamveka m'malata usiku wonse. Langizo lodziwika n'lakuti mapiko akhale pafupifupi mamita 9 pamwamba pa chilichonse chotchinga chimene chili mkati mwa mamita 150. Pakhomo pokhala ndi mitengo ya mango sizophweka kukwaniritsa zimenezi. Ife tinagwiritsa ntchito paipi yachitsulo yomangidwa ndi mawaya okoka mbali zinayi, pansi pake pali simenti, komanso waya wokhuthala wopita m'nthaka chifukwa cha mphenzi. Mtengo wa zonsezi pamodzi ndi wowotcherera unayandikira mtengo wa makina enieniwo.

Kwa munthu wa mu Lilongwe kapena mu Blantyre, wokhala pakati pa nyumba ndi mipanda ya njerwa, ndalama yomweyo ikhoza kupindula kwambiri atawonjezera panelo ina kapena batire, chifukwa panelo ilibe chozungulira choti chithe. Makinawa ndi oyenera wokhala poyera m'mbali mwa nyanja kapena pamtunda wopanda mitengo, amene wayamba wayeza mphepo ya pamalo pake kwa miyezi ingapo, ndiponso amene ali wokonzeka kutsitsa mlongoti mvula isanayambe kuti amange mabawuti ndi kuona ngati mapiko sanang'aluke.