Azura ku Jerusalem: pitani molawirira, funsani za m'miphika

Azura ndi lesitilanti ya banja yomwe ili mkati mwa msika wa Mahane Yehuda ku Jerusalem, kuchigawo chodziwika kuti msika wa anthu a ku Iraq. Inayamba mu 1952 ndipo ikadali m'manja mwa banja la Shrefler lomwe linaiyambitsa. Sitima yodutsa mumsewu wa Jaffa imaima pafupi ndi msikawu, ndipo mukatsika mumangoyenda pang'ono m'tinjira ta ogulitsa masamba n'kufika.

Mukalowa, maso amayamba agwera pa mzere wa miphika ikuluikulu yokhala pa masitovu a palafini, omwe kumeneko amati ptiliya. Kamoto kake n'kochepa koma sikasintha, ndipo miphika imakhalapo maola ambiri. Ubwino wonse wa malowa wagona pamenepa. Wofuna nyama yootcha yapompopompo apite kwina.

Yambani ndi kubbeh. Ndi timipira ta ufa wa tirigu wamisere, tokula ngati dzira, mkati muli nyama ya ng'ombe, ndipo timawiritsidwa mumsuzi momwemo. Pali wamsuzi wofiira wa bitiruti, wotsekemera pang'ono ndi kowawasa kapatali. Pali hamusta, wa Ayuda ochokera ku Kurdistan, wamsuzi wobiriwira wa masamba ndi mandimu ambiri. Hamusta ndiye wopambana, ngakhale kuti kwa woyamba kumene amakhala ngati wawawasa mopitirira. Kubbeh wophika bwino mumamuzindikira pomudula ndi supuni: khungu lofewa koma losasweka, nyama yosauma. Khungu likachindikala pakati pamatsala ufa wosapsa, likapyapyala kampira kamaphulika msuzi n'kuda. Wa pa Azura amadulika bwinobwino, ndipo mbale imodzi yokha ikhoza kukwanira nkhomaliro kwa munthu wosadya kwambiri.

Chakudya chotchedwa dzina la malowa, azura, ndi biringanya lodzaza ndi nyama yogaya, njere za paini ndi sinamoni, lophikidwa mpaka kuchita kusungunuka. Sinamoni mu nyama amadabwitsa amene anamuzolowera m'makeke, koma pano ndi amene amaletsa mafuta kukola. N'cholemera ndithu, choncho ndi bwino kugawana anthu awiri ndi mpunga pambali. Sofrito ndi nyama ya ng'ombe yophikidwa ndi madzi ochepa pamodzi ndi mbatatesi zokazinga kale, zomwe zimamwa msuzi wa nyamayo. Zokometsera zake n'zochepa, ndiye wodana ndi zonunkhira zambiri ayambire pamenepo. Mejadra, mpunga wosakaniza ndi mphodza ndi anyezi wokazinga mpaka kuda, amayenda ndi chilichonse.

Hummus, tchana chopera ndi chitowe, alipo ndipo ndi wabwino, koma msampha uli apa. Buledi wa pita ndi hummus zimafika msanga, njala ili pakamwa, ndipo pomwe miphika ikufika patebulo mimba yadzaza kale. Mbale imodzi ya hummus pa anthu atatu kapena anayi ndi yokwanira.

Malowa ndi a kosher, kutanthauza kuti amatsatira malamulo a zakudya a Chiyuda, ndipo izi zimasintha zomwe mungapeze. Malamulo a zakudya a Chiyuda saloleza nyama kukumana ndi mkaka, kaya mumphika kaya patebulo. Poti iyi ndi lesitilanti ya nyama, musayembekezere yogati, tchizi, batala kapena tiyi wamkaka. Mwa Aluya oyandikana nawo mbale zambiri zotere amathira yogati. Pano ntchito imeneyo imagwiridwa ndi tahini, chitowe chopera chosungunula ndi madzi ndi mandimu. Kubwera ndi chakudya chanu n'kuchiika patebulo lawo n'kulakwa, ngakhale chitakhala kabotolo ka yogati ka mwana. Funsani kaye.

Nyamayo imachokera ku ziweto zobzikula komanso zogawanika ziboda, zophedwa ndi munthu wophunzira ntchitoyo. Asanaiphike amachotsa magazi: amainyika m'madzi theka la ola, amaithira mchere wamiyala kwa ola limodzi, kenako amaitsuka katatu. N'chifukwa chake musathamangire mchere wa patebulo musanalawe. Nkhumba kulibe, ndipo nsomba yololedwa ndi ya mamba ndi zipsepse yokha, kutanthauza kuti chambo chikanalowa koma mlamba ayi. Amene amasunga malamulowa mosamala ayang'ane satifiketi ya kashrut, yotsimikiza kuti malowo ndi a kosher, yomwe malo otere amapachika poonekera, aone bungwe lomwe lapereka ndi tsiku lothera, chifukwa si Ayuda onse amene amavomereza satifiketi iliyonse.

Nthawi ndi yomwe imagwetsa alendo ambiri. Ano ndi malo a nkhomaliro. Miphika ikatha yatha, sangakuphikireni ina pompo popeza imafuna maola, ndiye wofika dzuwa litapendeka amasankha pa zotsala. Fikani isanakwane 12 koloko. Lachisanu msika wonse umadzaza ndi ogula za Sabata, mzere umatalika, ndipo amatseka masana dzuwa lisanalowe, popeza Sabata imayamba dzuwa likalowa. Loweruka satsegula n'komwe. Pa masiku a Pasika ya Chiyuda, yomwe imagwa mu Malichi kapena Epulo, ufa wa kubbeh ndi pita n'zoletsedwa, choncho a paulendo wa mpingo obwera nyengo imeneyo afufuze kaye asananyamuke.

Matebulo ndi oyandikana, phokoso la msika limalowa, ndipo operekera zakudya amayenda mwachangu osachedwa ndi malonje. Si malo okambirana nkhani zachinsinsi kapena kukhalitsa mutatha kudya, ena akudikira mpando. Mtengo wake si wa chakudya cha m'mbali mwa msewu, koma mbale n'zazikulu. Anthu awiri akhuta ndi kubbeh mmodzi, azura kapena sofrito mmodzi, ndi mejadra. Polipira, mwambo wa ku Israel ndi kuonjezera 10 mpaka 15 peresenti ya woperekera chakudya, ndipo ndi bwino kukhala ndi mashekele (ndalama za kumeneko) pang'ono m'thumba a zimenezo.