Mangochi: holo yamasewera kapena bwalo lapamtetete?

Anthu akamanena kuti Mangochi ikufunika holo yamasewera, amaloza ya Griffin Saenda ku Lilongwe, yomwe idamangidwira masewera a achinyamata a maiko a kummwera kwa Africa (Region 5) mu 2022. M'holo yotere mumaseweredwa mpira wamanja, basiketibo ndi volebo, ndipo mvula ya mu Januwale ikagwa masewera saima. Pansi mposalala, osati miyala yomwe atsikana athu amasupukapo mawondo akagwa. Mawa lake mukhoza kuyalamo mipando, kubwere oimba kapena ukwati. Ndalama zapakhomo nazonso sizithawa, poti palibe wokwera mumtengo wa mango kuti aonere ulele.

Koma Mangochi si Lilongwe. Ndi kutentha kwa mu Okutobala kuno, anthu mazanamazana atatsekeredwa pansi pa malata, holoyo isanduka uvuni. Makina oziziritsa mpweya amadya magetsi, magetsiwo akazima pafunika jenereta ndi dizilo. Azilipira ndani mwezi ndi mwezi? Khonsolo?

Bwalo lapamtetete monga Mangochi Stadium silifuna zambiri: mpanda, kapinga ndi madzi othirira. Mpira wamiyendo, womwe umakoka anthu ochuluka kuno, sukwana m'holo. Beni nayenso amafuna malo otambalala oti ovina agubepo, fumbi liti koboo.

Ine ndingakonde chapakati: denga lalitali, m'mbali mosatseka kuti mphepo ya kunyanja izidutsa, pansi pa simenti yosalala, ndi zimbudzi zokwanira amayi ndi abambo.